Nyali yayaka, galimoto yafooka: kodi mlandu ndi wa kompyuta?

LICHINGA — Mu bairro ya Sanjala, monganso m'madera ena a mzinda wa Lichinga, ntchito ya umakaniko yasintha. Kale makaniko ankatsegula boneti, kumvetsera kulira kwa injini, kuyang'ana mtundu wa utsi, kenako n'kutenga sipanala. Masiku ano amayamba ndi kugwada pansi pa chiwongolero, kulumikiza makina oyezera, ndi kuwerenga nambala. Imodzi mwa manambala amene amazunguza mitu ya amakaniko ndi eni magalimoto ndi P061B.

Nambala imeneyi ikatuluka, makinawo amalemba mawu a Chingerezi akuti Internal Control Module Torque Calculation Performance. Tanthauzo lake n'lakuti masamu amene kompyuta ya injini ikuchita powerengera mphamvu ya injiniyo sakugwirizana. Popeza mawuwo akutchula kompyuta, ambiri amathamangira kunena kuti kompyutayo yapsa. Mwini galimoto amauzidwa kuti afune ndalama, aitanitse ina ku Nampula, ku Maputo kapena ku Joni. Amadikira milungu, galimoto ili chiimire pabwalo la ofisina. Kompyuta inayo ikafika n'kumangidwa, nyali ija n'kuyakanso.

Chifukwa chake n'chakuti nthawi zambiri kompyutayo imakhala ili bwino. Imakhala ikuuzidwa zabodza ndi sensa yodetsedwa, paipi yong'ambika, waya wadzimbiri kapena batire lotopa. Zonsezi ndi zinthu zimene zingakonzedwe ku Lichinga komweko, pa mtengo wochepa, ngati woyeza atsata ndondomeko.

Zimene dalaivala amaona

Vutoli limabwera mwadzidzidzi. Pa dashibodi pamayaka nyali yachikasu yokhala ngati chithunzi cha injini, kapena m'magalimoto ena chithunzi cha sipanala. Dalaivala akaponda moto, galimoto imangokana. Injini siikwera kupitirira malire ena ake, ndipo ngati galimotoyo ndi ya magiya osintha okha, imatha kukakamira m'giya imodzi. Imayenda, koma motsimphina.

Nthawi zina dalaivala akaimitsa, kuzimitsa injini ndi kuilizanso, mphamvu imabwerera. Amayenda makilomita 20 kapena 50, vuto lija n'kubwereranso. Ichi n'chimene chimapusitsa ambiri. Amazolowera kuzimitsa ndi kuliza, n'kumati galimotoyo ili ndi khalidwe lake.

Koma pamsewu pali malo amene galimoto siyenera kutha mphamvu. Wochoka ku Metangula, m'mbali mwa nyanja, amakwera mtunda wa mamita pafupifupi 900 asanafike ku Lichinga. Woyenda pa msewu wa N13 wopita ku Mandimba ndi Cuamba amayenera kupitirira malole aatali. Galimoto ikafooka ili pakati pa chikweza itasenza matumba a nyemba, kapena ili pambali pa lole kwinaku kutsogolo kukubwera ina, miyoyo ya anthu imakhala pachiswe. N'chimodzimodzinso ndi ambulansi yochoka ku maboma akutali kubwera ku chipatala chachikulu cha chigawo. Kwa mwini chapa, tsiku lililonse limene galimoto yaima ndi tsiku lopanda ndiwo pakhomo pake ndi pakhomo pa dalaivala ndi kondakitala.

Kuchoka pa waya kufika pa kompyuta

Amakaniko achikulire a m'chigawo cha Niassa anaphunzira ntchito nthawi yovuta. M'zaka za nkhondo, imene inatha ndi pangano la mtendere la ku Roma pa 4 Okutobala 1992, Lichinga unali mzinda wodulidwa. Zipangizo sizinkafika. Ma Land Rover ndi malole a IFA ochokera ku East Germany ankayenda chifukwa cha nzeru za anthu amenewa, amene ankasula ndi kulumikiza zitsulo ndi manja awo.

M'magalimoto amenewo, chopondera moto chinkalumikizidwa ndi waya kapena kachitsulo kupita ku kabuleta kapena ku pampu ya dizilo. Phazi likaponda, waya ankakoka, mafuta n'kuwonjezeka. Toyota Land Cruiser ya injini ya 1HZ, imene ikuyendabe m'misewu ya m'maboma, ndi ya mtundu umenewo: pampu yake imagwira ntchito popanda kompyuta yowerengera mphamvu.

Magalimoto atsopano alibe waya ameneyu. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 kampani ya BMW inayamba kuika chopondera moto chamagetsi m'magalimoto ake akuluakulu, ndipo kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 kampani ya Bosch inatulutsa makompyuta a injini otchedwa ME7, amene ntchito yawo yonse imayambira pa kuwerengera mphamvu ya injini. Lero pafupifupi galimoto iliyonse yatsopano imayenda motero. Phazi la dalaivala silitsegulanso mafuta. Limangopempha, ndipo kompyuta ndiyo imagamula. Amakaniko a ku Mozambique amaitcha centralina.

Manambala a mavuto nawonso ali ndi mbiri yake. Kuyambira mu 1996, dziko la United States linalamula kuti magalimoto onse ogulitsidwa kumeneko akhale ndi dongosolo lodziyeza lotchedwa OBD-II, lokhala ndi soketi ya mabowo 16 pafupi ndi chiwongolero. Maiko a ku Ulaya anatsatira mu 2001 pa magalimoto a petulo ndi mu 2004 pa a dizilo. Chilembo choyamba cha nambala chimanena dera la vuto: P ndi injini ndi magiya, B ndi thupi la galimoto, C ndi mabuleki ndi chiwongolero, U ndi kulankhulana kwa makompyuta. Pakabwera 0 pambuyo pa P, ndiye kuti tanthauzo lake n'lofanana m'magalimoto a makampani onse. Manambala a P06 amakhudza kompyuta ndi zimene imayendetsa. P061B ili m'gulu limeneli, ndipo imadziwika kwambiri m'magalimoto a Ford, ngakhale imatulukanso m'mitundu ina.

Mphamvu yopotokola n'chiyani

Mawu akuti torque, amene mabuku a Chipwitikizi amati binário, amatanthauza mphamvu yopotokola. Aliyense amene anamasulapo nati ya tayala amaidziwa. Sipanala yaifupi ikakanika, amawonjezera paipi kuti italike, nati ija n'kugonja. Munthuyo sanawonjezere mphamvu ya mkono wake, koma mphamvu yopotokola yakula. Injini nayo imapotokola chitsulo chake chachikulu chapakati, ndipo mphamvu imeneyo imadutsa m'magiya mpaka kumatayala. Ndi mphamvu imene imanyamula katundu pachikweza.

Muyeso wake ndi Nm. Injini ya 1HZ ija, ya malita 4.2, imatulutsa 285 Nm. Injini ya dizilo ya malita 3.2 ya Ford Ranger, galimoto imene imapangidwa ku Silverton, ku Pretoria, imafika 470 Nm.

Chofunika kudziwa n'chakuti m'injini ya galimoto wamba mulibe sensa yoyeza mphamvu imeneyi. Kompyuta siiona. Imaiwerengera kuchokera ku zinthu zina. M'galimoto ya petulo imayang'ana kulemera kwa mpweya wolowa m'injini, liwiro limene injini ikuzungulira, ndi nthawi imene mapulagi akuthetheka. Popeza petulo amapsa bwino pamene magalamu 14.7 a mpweya asakanizidwa ndi galamu imodzi ya mafuta, ikadziwa mpweya yadziwanso mafuta, ndipo ikadziwa mafuta yadziwa mphamvu. M'galimoto ya dizilo imadalira kwambiri kuchuluka kwa mafuta amene majekita akupopera ndi mphamvu ya mafuta m'paipi yawo yaikulu, pamodzi ndi mpweya wochokera ku turbo.

Motero masamu onse amatsamira pa zimene masensa akunena. Sensa imodzi ikanama, yankho lonse limakhota.

Alembi awiri a mosungira katundu

Pofuna kumvetsa P061B, n'kofunika kudziwa kuti m'kompyutamo masamu amachitika kawiri. Zili ngati mosungira nyemba momwe mwini wake waika alembi awiri. Woyamba amalemba matumba amene ogula apempha ndi amene atulutsidwa. Wachiwiri amakhala pakhomo ndi buku lakelake, n'kumawerenga payekha. Mabuku awiriwa akasiyana kwambiri, mwini katundu amatseka chipata kufikira choona chitadziwika.

Mlembi woyamba wa m'kompyuta amatenga pempho la phazi la dalaivala, kuwonjezera zofuna za makina oziziritsa m'galimoto, za alitaneta ndi za giyabokosi, kenako n'kulamula chitseko cha mpweya, mafuta ndi moto. Mlembi wachiwiri amabwereza masamuwo m'njira yake, n'kufunsa funso limodzi: kodi injini ikutulutsa mphamvu yogwirizana ndi imene dalaivala wapempha? Kusiyana kukapitirira malire amene kampani inaika, ndipo kukakhalitsa kwa kanthawi, kompyuta imalemba nambala ndi kuchepetsa mphamvu.

Opanga magalimoto anachita zimenezi poopa galimoto yothamanga yokha dalaivala asanaponde moto. Nkhani ya mtundu umenewu inagwedeza kampani ya Toyota mu 2009 ndi 2010, pamene inaitanitsa magalimoto mamiliyoni ambiri kuti akakonzedwe chifukwa cha makapeti okola chopondera moto ndi zopondera zokakamira. Pakati pa galimoto yofooka ndi galimoto yolusa, kompyuta inapangidwa kuti izisankha yofooka. Kutsimphina kuja ndi chitetezo.

Tsono mabuku a alembi akasiyana, sizitanthauza kuti alembiwo sadziwa kuwerenga. Mwina sikelo ndi imene yawonongeka. Ntchito ya makaniko ndi kufufuza sikeloyo asanachotse mlembi ntchito.

Fumbi, mvula ndi kukwera kwa malo

Lichinga ili ndi zinthu zake zimene zimavutitsa masensa. Choyamba ndi fumbi. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa, misewu yadothi ya m'mabairro ndi ya kumaboma imatulutsa fumbi lofiira losalala ngati ufa. Sefa ya mpweya imadzaza msanga. Ambiri amaichotsa, kuigogoda patayala kapena kuipopa ndi mpweya wamphamvu, n'kuibwezera. Pepala lake limabooka timabowo tosaoneka. Fumbi limadutsa n'kukamata pa kawaya kotentha ka sensa yoyeza mpweya, imene amakaniko amati MAF. Kawaya kameneka kamayeza mpweya poona mmene mpweyawo ukukaziziritsira. Kakakutidwa ndi dothi, kamanena mpweya wochepa kuposa umene ukulowadi. Sefa zina zogulidwa motchipa, kapena zopakidwa mafuta, zimabweretsanso vuto lomwelo.

Chachiwiri ndi madzi. Kuyambira Novembala mpaka Epulo magalimoto amawoloka zithaphwi ndi matope. Madzi amalowa m'malo olumikizira mawaya, dzimbiri lobiriwira n'kumera. Masensa ambiri amagwira ntchito ndi magetsi a mavoti 5 okha, choncho dzimbiri lochepa limakwanira kusintha uthenga. Makoswe nawo amakonda kutafuna mawaya a galimoto imene yanyamula chimanga n'kugona pafupi ndi nkhokwe.

Chachitatu ndi kuzizira. M'miyezi ya Juni ndi Julayi, mamawa a ku Lichinga amagwetsa batire lotopa. Poliza injini magetsi amatsika kwambiri, ndipo kompyuta imatha kusokonezeka n'kulemba manambala a mavuto amene kulibe.

Chachinayi ndi kukwera kwa malo. Mzindawu uli pa mtunda wa mamita pafupifupi 1,360 kuchokera pa nyanja yamchere. Mpweya wa kuno ndi wopepuka. Ku doko la Nacala, kumene magalimoto ambiri amatsikira, mphamvu ya mpweya ndi pafupifupi 101 kPa. Ku Metangula ndi pafupifupi 96. Ku Lichinga ndi pafupifupi 86. Kompyuta yabwino imadziwa zimenezi ndipo imadzikonza yokha, motero kukwera kwa malo pakokha sikuyatsa nyali. Koma makaniko amene sakudziwa angaone 86 n'kuganiza kuti sensa yafa, popeza buku lake likunena 101. Ndipo sensa imene ikunena 101 galimoto ili ku Sanjala ndiyo ikunama.

Chachisanu ndi mafuta. Kumaboma kumene kulibe malo omwetsera, mafuta amagulidwa m'zigubu ndi m'mabotolo. Mumatha kukhala madzi kapena zinyalala. Sefa ya dizilo ikatsekeka, mafuta safika mokwanira, ndipo mphamvu imene kompyuta ikuyembekezera siituluka.

Ndondomeko yoyenera kutsata

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Kufufuza P061B kumayambira pa zinthu zotchipa kupita pa zodula.

Choyamba, makaniko afunse dalaivala. Vutoli limachitika liti? Pachikweza, m'mawa, mvula itagwa, kapena pamsewu wa mabampu? Kodi galimoto yagwiridwa ntchito yanji posachedwa? Vuto lobwera pamabampu limaloza ku waya. Lobwera m'mawa limaloza ku batire. Lobwera atangosintha sefa limaloza ku paipi imene sinamangidwe bwino.

Chachiwiri, awerenge manambala onse ndi kuwalemba papepala asanafufute kalikonse. Pamodzi ndi nambala, kompyuta imasunga chithunzi cha nthawi imene vuto linachitika: liwiro la galimoto, kuzungulira kwa injini, kutentha kwa madzi, mpweya ndi magetsi. Wofufuta nambala asanawerenge zimenezi wathamangitsa mboni mlandu usanazengedwe.

Chachitatu, ngati P061B yabwera ndi anzake, ayambe ndi anzakewo. P0101 imanena za sensa ya mpweya. P0171 imanena kuti mpweya wachuluka kuposa mafuta. P2135 ndi P2138 zimanena kuti masensa awiri a chitseko cha mpweya kapena a chopondera moto sakugwirizana. P0562 imanena kuti magetsi achepa. P0300 imanena kuti injini ikuphonya moto. Manambala amenewa amaloza gwero la vuto, pamene P061B imangonena zotsatira zake. Akakonza zimenezo, nthawi zambiri P061B imachoka.

Chachinayi, ayeze magetsi ndi mita. Batire lodzaza, injini itazima, limasonyeza mavoti 12.6. Poliza injini lisatsike kupyola 9.6. Injini ikuyenda, alitaneta ipereke pakati pa 13.8 ndi 14.4, ngakhale magalimoto ena atsopano amasinthasintha muyeso umenewu mwadala. Mitu ya batire ndi mawaya a nthaka, omangidwa pa thupi la galimoto ndi pa injini, amasulidwe, apalidwe ndi kumangidwanso.

Chachisanu, atsate njira ya mpweya kuyambira pa sefa mpaka pa injini. Sefa yotha isinthidwe. Paipi yakuda ya labala ipindidwe ndi dzanja kuti ming'alu yobisika m'makwinya ioneke. M'galimoto ya turbo, malo amene paipi ikudontha mpweya amaoneka ndi mafuta akuda omata fumbi. Sensa ya MAF itsukidwe ndi mankhwala ake opopera, kenako iume yokha. Isakhudzidwe ndi nsalu, waya kapena petulo.

Chachisanu ndi chimodzi, ayang'ane manambala amoyo pa makina. Kiyi atatsegula koma injini isanalire, sensa ya mphamvu ya mpweya isonyeze pafupifupi 86 kPa kuno ku Lichinga. Injini ya petulo ya malita 2, yotentha bwino ndipo ikungolira pamalo amodzi, imakoka mpweya wa magalamu apakati pa 2 ndi 4 pa sekondi. Ngati kompyuta ikuwonjezera kapena kuchepetsa mafuta ndi maperesenti oposa 10, pali chimene chikuisocheretsa. Chopondera moto chipondedwe pang'onopang'ono, ndipo manambala a masensa ake awiri akwere pamodzi mosadumpha.

Chachisanu ndi chiwiri, chitseko cha mpweya chitsukidwe ngati chadzaza mwaye. Akatsuka, magalimoto ambiri amafuna kuti kompyuta iphunzitsidwenso malo a chitsekocho. Kuiwala zimenezi kumabweretsa vuto latsopano.

Chachisanu ndi chitatu, agwedeze mawaya ndi dzanja injini ikulira, maso ali pa makina. Nambala ikadumpha pamene dzanja lagwira malo ena, vuto lili pomwepo. Soketi ya kompyuta yeniyeniyo itsegulidwe, batire atachotsa, kuti aone ngati mwalowa madzi.

Akakonza chimene wapeza, afufute manambala ndi kuyesa galimoto pamsewu, m'njira yofanana ndi mmene vuto linkachitikira. Kuzungulira bairro kamodzi sikokwanira. Ngati inkafooka pachikweza itasenza, iyesedwe pachikweza itasenza.

Mbiri ya galimoto

Magalimoto ambiri a mumzinda uno anagwirapo kale ntchito kwina. Ena anachokera ku Japan, popeza kumeneko amayendetsa kumanzere kwa msewu monga ku Mozambique. Ena anachokera ku Joni. Mwini wake wa lero sadziwa zonse zimene zinachitika asanagule.

Pa nkhani ya P061B mbiri imeneyi ndi yofunika. Pali magalimoto amene pulogalamu ya kompyuta yake inasinthidwa kuti injini ikhale ndi mphamvu zambiri. Ngati wosinthayo anakweza buku la mlembi woyamba n'kusiya la wachiwiri, mabukuwo adzasiyana nthawi iliyonse dalaivala akaponda moto kwambiri. Pali ena amene anatsekedwa valavu ya EGR, imene imabwezera utsi wina m'injini, kapena anachotsedwa sefa ya mwaye ya dizilo. Mpweya umene ukudutsa umasiyana ndi umene kompyuta ikuyembekezera. Palinso ena amene anaikidwa injini, giyabokosi kapena sensa ya mtundu wina wa galimoto. Chitsulocho chimalowa bwino m'malo mwake, koma masamu ake ndi ena.

Nthawi zinanso vuto limakhala m'pulogalamu yochokera kufakitale, ndipo kampani imatulutsa pulogalamu yatsopano yokonza. Imeneyo imaikidwa ndi makina a kampaniyo.

Makina oyezera nawonso amasiyana. Tizipangizo totchipa totchedwa ELM327, tolumikizana ndi foni, timawerenga manambala wamba ndipo timathandiza. Koma sitiona zonse, ndipo magalimoto ena akale opangira msika wa ku Japan satiyankha n'komwe ngakhale soketi yake ili yofanana. Pa Ford ndi Mazda pali pulogalamu ya FORScan, pa Toyota pali Techstream. Zimenezi zimalowa mozama.

Zizolowezi zimene zimapha kompyuta

Kompyuta imatha kufa ndithu, ndipo kawirikawiri imaphedwa ndi zizolowezi zimene zinalibe vuto pa magalimoto akale. Walira mvula walira matope: galimoto yamakono imabwera ndi malamulo ake.

Chizolowezi choyamba ndi kuchotsa mutu wa batire injini ikulira pofuna kuona ngati alitaneta ikugwira ntchito. Pa Land Rover yakale zinkatheka. Pa galimoto ya kompyuta, magetsi amalumpha n'kuwotcha ziwalo za m'kati. Chachiwiri ndi kuwotcherera chitsulo pagalimoto batire ndi kompyuta zili chilumikizire. Chachitatu ndi kuliza galimoto ya mavoti 12 ndi mabatire a lole a mavoti 24, kapena kusemphanitsa mawaya. Chachinayi ndi kutsuka injini ndi paipi ya madzi amphamvu. Chachisanu ndi kumanga waya wamba m'malo mwa fyuzi yopsa.

Palinso chinyengo chimene ogula magalimoto ayenera kuchenjera nacho. Wogulitsa wina amachotsa kapena kumata nyali ya injini kuti isaoneke. Njira yodziwira ndi yapafupi. Kiyi akatsegulidwa injini isanalire, nyaliyo iyenera kuyaka, kenako n'kuzima injini ikalira. Ngati siyaka konse, pali chimene chabisidwa.

Kompyuta ikafadi

Pamene magetsi, mpweya, masensa, mawaya ndi pulogalamu zonse zapezeka zabwino, koma P061B ikubwerabe, makamaka pamodzi ndi manambala ena a m'kati mwa kompyuta monga P060A, pamenepo m'pamene kompyuta ingaganiziridwe. Ili ndi sitepe yomaliza.

Ngakhale pamenepo, kugula sikungolowa m'sitolo. Nambala yolembedwa pa bokosi la kompyuta iyenera kufanana ndi ya yakaleyo. Kompyuta yochotsedwa m'galimoto ina siingalize injini kufikira itagwirizanitsidwa ndi kiyi, chifukwa cha chitetezo choletsa akuba. M'magalimoto ambiri a dizilo, manambala a jekita iliyonse amayenera kulembedwamo. Mwini galimoto amene waitanitsa kompyuta ku Nampula, mtunda wa makilomita oposa 600, ayenera kudziwiratu amene adzagwire ntchito imeneyi ikafika. Kupanda kutero, ndalama zapita ndipo galimoto ili pomwepo.

Zimene mwini galimoto angachite

Mwini galimoto sayenera kukhala makaniko kuti adziteteze. Pali mafunso amene angafunse asanatulutse ndalama. Apemphe kuti manambala onse alembedwe papepala ndi tsiku lake, ndipo pepalalo lisungidwe m'galimoto. Afunse kuti batire lasonyeza mavoti angati. Afunse ngati sefa, mapaipi ndi sensa ya mpweya zayang'anidwa. Akauzidwa kuti kompyuta yapsa, afunse chimene chayezedwa chotsimikizira zimenezo. Makaniko wodziwa ntchito sakwiya ndi mafunso otere, chifukwa mayankho ali nawo.

Mwini galimoto alipirenso ntchito yofufuza. Amakaniko ambiri amathamangira kusintha zitsulo chifukwa anthu amalipira chitsulo chimene akuchiona, koma amakana kulipira maola atatu amene munthu wathera akutsata waya ndi mita. Maola atatuwo ndi otchipa kuposa kompyuta.

Dalaivala naye ali ndi gawo lake. Nyali ikayaka ndipo galimoto yafooka, aime pamalo abwino, aike zizindikiro zochenjeza, ndipo akumbukire zimene zimachitika pa nthawiyo kuti akafotokozere makaniko. Ngati mphamvu yabwerera atalizanso, ayende modekha mpaka ku ofisina, osayesa kupitirira malole. Nyali ikamaphethira, injini ikuphonya moto kwambiri ndipo ulendo usapitirire.

Amakaniko amene anayendetsa ma IFA m'zaka za nkhondo ankatsata paipi ya mafuta kuchokera ku thanki mpaka ku pampu asanamasule injini. Ndondomeko ya P061B ndi yomweyo, kungoti lero akutsata mpweya ndi magetsi. Achinyamata amene akuphunzira ntchito m'maofisina a ku Sanjala, Chiuaula ndi Namacula akufunika zinthu ziwiri pamodzi: kudekha kwa akuluakuluwo ndi luso lowerenga mita. Nyengo ya fumbi isanayambe, eni magalimoto asinthe sefa za mpweya. Kuzizira kwa Juni kusanafike, ayezetse mabatire.